Makhadi Awiri, Khomo Limodzi

Ndisananyamuke pa ulendo wa miyezi 9 wa kumayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndinatha milungu ingapo ndikuwerengetsera ndalama zimene mabanki amadula munthu akamagwiritsa ntchito khadi lake kunja. Ndinali ndi kope limene ndinalembamo maperesenti a akaunti iliyonse, ndipo ndinasankha imene inkadula zochepa kuposa zina zonse. Ndinapemphanso khadi lachiwiri loti lidzandithandize loyambalo likatayika kapena likamezedwa ndi makina. Funso limene sindinafunse aliyense linali lakuti, banki ikadzatseka khadi langa ndili kutali, ndidzachita chiyani kuti ikhulupirire kuti amene akulankhulayo ndi mwini ndalamazo.

## Pa kauntala ku Chiang Mai

Unali mwezi wachinayi wa ulendowo, ndipo ndinali ku Chiang Mai, kumpoto kwa dziko la Thailand, kumene ndinkachita lendi chipinda m'nyumba yaing'ono yogona alendo n'kumalipira pamwezi. Eni nyumbayo anali mayi achikulire amene ankalemba okha dzina la mlendo aliyense m'buku lalikulu la chikuto chobiriwira. Tsiku lolipira litakwana, chakumadzulo, anatulutsa kamakina kolipirira pansi pa kauntala, nalembamo ndalama ya lendi, n'kukatembenuzira kwa ine. Ndinalowetsa khadi, ndinadina nambala yanga yachinsinsi, ndipo kamakinako kanangoti zii kwa kanthawi, kenaka kanalavula kapepala kakafupi kosonyeza kuti ndalama sinadutse. Mayiwo anatenga khadilo, anapukuta kachitsulo kake konyezimira ndi nsonga ya malaya awo poganiza kuti kagwira fumbi, tinayesanso, koma panatuluka kapepala konga koyamba kaja. Ndinatulutsa khadi lachiwiri, limene ndinalinyamula pokonzekera tsiku ngati limeneli, ndipo nalonso linakanidwa.

"Musade nkhawa, mwananga," anatero mayiwo. "Nthawi zina imakhala netiweki. Kayeseni pa makina a ATM ali pamphambanowo."

Makinawo anabweza makhadi onse awiri osanena chifukwa chomveka. Nditabwerera m'chipinda ndinatsegula pulogalamu ya banki pa foni, imene masiku onse inkatseguka ndikangoikapo chala, koma tsikulo inali itanditulutsa, ndipo inkafuna nambala yotsimikizira imene inali itatumizidwa ku foni yanga ngati uthenga. Uthengawo unapita ku SIM khadi imene ndinaichotsa m'foni tsiku limene ndinatsika ndege, pamene ndinagula ya m'dzikomo. Ndinaipeza m'kaenvulopu m'chikwama cha pasipoti, ndinaiika m'foni, ndinadikira, koma sinagwire netiweki iliyonse. Kampani ya foni inali itaitseka chifukwa inakhala nthawi yaitali osagwira ntchito.

Apa m'pamene ndinakumbukira za m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndinali nditayesa katatu kugula tikiti ya ndege pa intaneti, ndipo ulendo uliwonse tsambalo linkafuna nambala yotsimikizira imene siinkabwera, mpaka ndinangozisiya n'kunena kuti ndidzayesanso mawa. Miyezi itatu yoyambirira ndinkangolipira pa makauntala ndi kutenga ndalama pa ATM, pamene nambala yachinsinsi imakhala yokwanira, choncho sindinadziwe kuti nambala yanga ya foni inafa kale. Kwa makompyuta a banki, munthu woyesa katatu kugula tikiti ali m'dziko lakutali, n'kulephera kutsimikiza katatu konseko, amaoneka ngati wakuba. Anatseka akaunti yonse.

## "Mungofika pa nthambi yathu"

Nambala yolembedwa kuseri kwa khadi inali yaifupi, ya mtundu uja umene umagwira ukamaimba uli m'dziko la bankiyo basi. Ndinafufuza ina pa tsamba lawo, ndinadikira maola angapo kuti kumeneko kuche ndipo ofesi itsegulidwe, ndinagula mayunitsi, ndipo theka lake linathera pomvetsera nyimbo yodikirira. Amene anandiyankha anali waulemu ndithu. Anandifunsa dzina, tsiku lobadwa, ndi malo amene ndinagwiritsa ntchito khadi komaliza, ndipo zonse ndinayankha bwino. Kenaka anati kuti atsegule akaunti ayenera kutumiza nambala yotsimikizira ku foni imene inalembetsedwa. Ndinamuuza kuti nambalayo inatsekedwa, ndipo ndinapempha kuti alembe yatsopano.

"Bwana, kusintha nambala sitingachite pa foni," anatero. "Mungofika pa nthambi yathu iliyonse ndi chiphaso chanu."

Mawu amenewa ndi amene sachoka m'mutu mwanga mpaka lero. Nthambi yapafupi kwambiri inali kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo tikiti yondifikitsa kumeneko ndikanaigula ndi ndalama zimene zinali m'akaunti yotsekedwayo. Usiku umenewo ndinayala pabedi ndalama zonse zimene ndinali nazo m'thumba, ndipo zinali zokwana chakudya cha mlungu umodzi, lendi osawerengera. M'akaunti munali zokwanira miyezi isanu. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ndinaumvetsa mwambiwo ndikuyang'ana timapepala tochepa tija.

Banki sindiiimba mlandu chifukwa chotseka akaunti, pakuti akanakhala wakuba weniweni ndikanaithokoza. Chimene chinandipweteka n'chakuti njira yobwererera mkati inakonzedwa poganizira munthu amene angakwere basi n'kukafika pa nthambi, pamene ine ndinasankha akauntiyo ndi cholinga chokhala kutali. Mayi eni nyumba anandilola kudikira, nalemba m'buku lawo lija tsiku limene ndinalonjeza. Mlongo wanga ananditumizira ndalama kudzera ku kampani yotumiza ndalama, ndipo ndinakazitenga posonyeza pasipoti. Banki inatsegula akaunti patapita masiku 12, nditatumiza mafomu osainidwa ndi chithunzi cha pasipoti chodindidwa.

## Zooneka ziwiri pamene ndi chimodzi

M'masiku odikirawo ndinaika makhadi awiri aja pathebulo n'kuyamba kuwerenga zimene ankafanana. Onse anali a banki imodzi, onse ankatenga ndalama m'akaunti imodzi, onse anali ndi chizindikiro cha kampani imodzi pakona, onse ankadalira nambala imodzi ya foni, ndipo onse ankagona m'chikwama chimodzi. Khadi lachiwirilo likanandithandiza pa vuto limodzi lokha, loti loyamba lathyoka kapena lamezedwa. Pa vuto lina lililonse, awiriwo akanagwera limodzi monga anachitiramu.

Khadi limene timaligwira m'manja limadutsa m'manja ambiri ndalama isanafike kwa wogulitsa. Pali banki imene inalipereka, pali kampani yolumikiza mabanki monga Visa kapena Mastercard, nthawi zambiri pamakhalanso kampani ina yosaoneka imene imayendetsa makompyuta a makhadiwo, ndiye pali banki ya wogulitsa kapena mwini makina a ATM. Aliyense wa amenewa angaime payekha. Mu June 2020 kampani ya ku Germany yotchedwa Wirecard inagwa zitadziwika kuti mayuro 1.9 biliyoni amene inkati ili nawo sankapezeka, ndipo bungwe loyang'anira za ndalama ku Britain linaimitsa nthambi yake ya kumeneko. Makhadi a makampani angapo amene ankadalira nthambiyo anasiya kugwira ntchito kwa masiku angapo, ndipo ambiri mwa eni makhadiwo anali asanamvepo n'komwe dzina la Wirecard. Mu March 2022 Visa ndi Mastercard anaimitsa ntchito zawo ku Russia, moti makhadi operekedwa ndi mabanki a ku Russia anasiya kugwira kunja kwa dzikolo, ndipo anthu amene anali paulendo anangodzuka m'mawa makhadi awo atasanduka mapulasitiki wamba.

Choncho ndikamanena kuti munthu anyamule makhadi awiri, ndimatanthauza mabanki awiri osiyana, maakaunti awiri osalumikizana, limodzi la Visa ndi lina la Mastercard, osungidwa m'malo awiri. Ndalama zambiri zizikhala m'akaunti imene khadi lake silituluka kawirikawiri, ndipo khadi loyenda nalo mumsewu lizikhala ndi za mlungu umodzi kapena iwiri, kuti akuba akakopera nambala yake pa makina osokonezedwa asapeze zonse.

## Nambala ya foni ndiyo kiyi

Mbali iyi ndi imene ndinkaiona yopepuka, koma ndi imene inandigwetsa. Kugula zinthu pa intaneti masiku ano kumadutsa m'njira yotsimikizira yotchedwa 3D Secure, imene imapempha banki kuti ifunse mwini khadi ngati alidi iyeyo. Mabanki ena amafunsa kudzera mu pulogalamu yawo ya pa foni, imene imangofuna intaneti ndipo imagwira kulikonse. Ena amatumiza uthenga wa SMS, umene umafuna kuti SIM khadi yakale ikhale yamoyo, ikhale m'foni, ndiponso iloledwe kugwira netiweki ya kunja. Munthu woyenda milungu iwiri sangaone kusiyana kwa njira ziwirizi. Woyenda miyezi yambiri amakuona, chifukwa makampani ambiri a foni amatseka nambala yolipiriratu ikakhala nthawi yaitali osaikidwa mayunitsi, ndipo pambuyo pake amatha kuipereka kwa munthu wina.

Tsopano ndimayenda ndi foni yolowa SIM ziwiri, ndipo yakaleyo simachokamo. Ndisananyamuke ndimafunsa kampani ya foni kuti nambala imakhala nthawi yaitali bwanji isanatsekedwe, ndimatsegulitsa zoti izigwira kunja, ndipo mwezi uliwonse ndimaikamo mayunitsi pang'ono n'kutumiza uthenga umodzi. Pali chinthu chinanso chimene chimaiwalika: foni nayo imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Ngati maakaunti onse awiri amatseguka ndi foni imodzi yokha, ndiye kuti khomo likadali limodzi. N'chifukwa chake ndimafunsiratu banki iliyonse mmene munthu amalowera pa foni yatsopano ali kunja, ndipo manambala oimbira banki kuchokera kunja ndimawalemba papepala, chifukwa nambala yosungidwa m'foni yotayika sithandiza aliyense.

## Za ndalama zimene amadula

Kope langa la maperesenti silinali lopanda pake, koma linkaona mbali imodzi yokha. Munthu akatenga ndalama pa ATM ya kunja angadulidwe m'malo anayi: banki yake ingadule ndalama yokhazikika pa ulendo uliwonse, ingawonjezere peresenti chifukwa chosintha ndalama, mwini makinawo angadule yake, ndipo mtengo wosinthirawo ungakhale utakwezedwa mobisa. Ine ndinawerengetsera ziwiri zoyambazo, zimene banki yanga inalemba poyera.

Nthawi imene ndinali ku Thailand makina ambiri ankadula 220 baht, ndalama ya dzikolo, pa khadi lililonse lakunja, kaya munthu watenga zambiri kapena zochepa. Wotenga 2,000 baht ankaluza 11 peresenti nthawi yomweyo, pamene wotenga 20,000 baht ankaluza pang'ono kupitirira 1 peresenti. Apa malire a ndalama zimene banki yako imalola kutenga patsiku amakhala ofunika kuposa peresenti yosinthira, chifukwa malire otsika amakukakamiza kupita pa makina kawirikawiri. Makina ambiri a kumeneko amayambanso atulutsa ndalama, khadi pambuyo, moti mlendo wozolowera kulandira khadi poyamba amangotenga ndalama n'kuchoka, makina n'kulimeza.

Msampha umene ndimauona waukulu ndi funso limene makina amafunsa mwaulemu, lakuti mukufuna kulipira mu ndalama ya dziko lino kapena mu ndalama ya khadi lanu. Kusankha ndalama ya khadi lako kumaoneka kwanzeru chifukwa umaona nambala imene ukuidziwa, koma ukatero wapatsa mwini makinawo ufulu wosankha mtengo wosinthira, ndipo kawirikawiri mtengo wake umakhala woipa kuposa wa Visa kapena Mastercard. Mayiko a m'bungwe la European Union anafika pokhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira mu April 2020, lokakamiza makina oterowo kusonyeza peresenti imene awonjezera pamwamba pa mtengo wosinthira wa European Central Bank, banki yaikulu ya bungwelo. Kumadera ambiri lamulo lotero kulibe. Ine ndimasankha ndalama ya dziko limene ndili, ndipo wa pa kauntala akandisankhira yekha ndimamupempha kuti afafanize ayambirenso.

## Chikole chimene sichioneka

Nditachoka ku Thailand ndinakumana ndi vuto laling'onopo koma la mtundu womwewo, loti ndalama ulidi nazo koma sungazigwire. Mahotela ambiri ndi makampani obwereketsa magalimoto amatsekereza ndalama ya chikole pa khadi. Saitenga, koma amaiika pambali mpaka utabweza chipinda kapena galimoto, ndipo imatha kutenga masiku ambiri, nthawi zina milungu, isanamasulidwe. Pa khadi la debit, lotenga ndalama m'akaunti yako mwachindunji, imeneyo ndi ndalama yako yodyera imene yamangidwa. Pa khadi la ngongole ndi malire a ngongole okha amene amachepa, ndipo makampani ena obwereketsa magalimoto salola n'komwe khadi lina kupatula la ngongole.

Ine ndine munthu wosakonda ngongole, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakana khadi lotere. Panopa ndimaliona ngati chida cha ntchito ziwiri zokha, chikole ndi matikiti akuluakulu, ndipo ndimabweza zonse mwezi usanathe. Sindimatengera ndalama pa ATM, chifukwa pamenepo chiwongoladzanja nthawi zambiri chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo.

## Maakaunti a pa foni

Aliyense woyenda ulendo wautali amamva za Wise ndi Revolut. Wise inayamba mu 2011 ku London ndi dzina loti TransferWise, ndipo Revolut inayamba mumzinda womwewo mu 2015. Maakaunti a mtundu umenewu amalola munthu kusunga ndalama za mayiko angapo nthawi imodzi, kusintha pa mtengo woyandikira wa pamsika, ndiponso kuimitsa ndi kutsegula khadi payekha pa foni, chimene ndikanachilakalaka kwambiri usiku uja. Koma pali zinthu ziwiri zoyenera kuziona bwino.

Choyamba n'chakuti makhadi awo amaperekedwa kwa anthu okhala m'mayiko ena okha, ndipo amafuna umboni wa kumene munthu amakhala. Ndaonapo apaulendo akulangizana kuti angolemba adiresi ya mnzawo, ndipo malangizo amenewa ndimawakana ndi mtima wonse. Tsiku limene kampaniyo idzafune kutsimikizanso, ndipo tsiku lotero limabwera, akaunti imaimitsidwa munthu ali pakati pa ulendo, alibe pepala loona loti asonyeze, ndiponso palibe nthambi yoti akadandauleko.

Chachiwiri n'chakuti kampani yopereka khadi siikhala banki nthawi zonse. Ndalama zosungidwa ku banki yeniyeni zimatetezedwa ndi inshuwalansi ya boma kapena ya mabanki mpaka malire ena, monga mayuro 100,000 m'mayiko a European Union kapena madola 250,000 ku United States. Makampani ambiri a ndalama za pa foni ali pansi pa lamulo lina, lowakakamiza kusunga ndalama za makasitomala padera ndi zawo. Chitetezo chimenecho n'chenicheni, koma n'chosiyana, ndipo kampani ikagwa kubweza ndalama kungatenge nthawi. Kampani imodzimodzi ingakhale banki m'dziko lina koma osakhala banki m'dziko linzake, choncho chofunika ndi kuwerenga pangano la dziko limene munthu watseguliramo. Ine akaunti yotere ndimaiona ngati thumba loyenda nalo, ndipo nkhokwe imakhala kwina.

Ndalama zogwirika nazo zili ndi malo ake. Ndimasunga madola kapena mayuro okwana mlungu umodzi pamalo osiyana ndi makhadi, osapitirira pamenepo, pokumbukiranso kuti wolowa kapena wotuluka mu European Union ndi mayuro 10,000 kapena kuposa ayenera kuulula kwa akuluakulu a kasitomu.

## Mafunso amene ndinapita nawo

Ndisanayambe ulendo wotsatira ndinapita ku mabanki awiri, ndipo ulendo uno kope langa linali ndi mafunso m'malo mwa maperesenti. Ndinafunsa ngati kutsimikiza kumachitika mu pulogalamu ya pa foni kapena pa SMS pokha. Ndinafunsa ngati angasinthe nambala yanga ya foni ndili kunja, ndiponso ngati pali munthu woyankha usiku pa nambala yoimbika kuchokera kudziko lina. Ndinafunsa ngati khadi lotayika angalitumize ku adiresi ya kunja, ndi masiku amene zimatenga. Ndinafunsa kuti akaunti imatchedwa yogona ikakhala miyezi ingati osakhudzidwa, chifukwa akaunti yosungira ndi imene imakhala chete nthawi yaitali. Ndinafunsanso ngati ndingasiye kalata yopatsa m'bale wanga mphamvu yondiimira pa nthambi, ndipo ndinayang'ana tsiku lothera mphamvu pa khadi lililonse, popeza khadi latsopano limatumizidwa ku adiresi imene munthu anailembetsa, kumene iye kulibe.

Ku banki yoyamba, imene inkadula zochepa, mtsikana wa pa desiki anamvetsera bwino, anakafunsa akuluakulu ake, ndipo anabwera ndi yankho lakuti kusintha nambala kumafuna kufika pa nthambi. Ndinamuthokoza n'kutuluka. Ku banki yachiwiri ndalama yodula posintha inali yokwererapo, ndipo nditawerengetsera pa ulendo wonse ndinaona kuti ndidzaluza ndalama yooneka ndithu. Koma bambo amene ankandithandiza anandisonyeza pa foni yake mmene munthu amatsimikizira polankhulana pa vidiyo atagwira pasipoti, anandilembera papepala nambala yoimbira kuchokera kunja, ndipo anandipatsa fomu yoti mlongo wanga asaine. Ndinatsegula akauntiyo tsiku lomwelo. Madzulo ake ndinaimba nambala imene anandilemberayo, pa ola limene maofesi amakhala atatseka, ndipo kunayankha munthu.